Zaka Zinayi za Masamu, Pepala Likuti Ndine Wokopa Alendo

Ndaphunzira masamu zaka zinayi. Lero koleji ikundiuza kuti digiri yanga ndi ya zokopa alendo.

Simunawerenge molakwika ayi. Ine Chikondi Namaona, mphunzitsi wa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale ku Zingwangwa, mayi wa ana atatu, munthu amene hotela ndimangoionera pawindo la minibasi, akuti ndine katswiri wolandira alendo. Akuti kuyala mabedi ndinakhoza bwino. Akuti ndimayankhula Chifalansa.

Dzina la kolejiyo sinditchula lero. Ndi ya pulaiveti, ili kuno ku Blantyre, ndipo eni ake akudzidziwa. Koma nkhaniyi ndiinena yonse, chifukwa ndatopa kuifotokozera mawindo ndi zitseko.

Ndaphunzitsa ku pulayimale zaka khumi ndi zinayi. Ndinkafuna kupita ku sekondale, ndiye pankafunika digiri. Tsiku lina mnzanga anandipatsa kapepala ka koleji imeneyi. Makozi mndandanda: zamalamulo, zaulimi, zaumoyo, utolankhani, zamalonda, makompyuta, zokopa alendo, uphunzitsi. Zonsezo m'nyumba imodzi ya nsanjika ziwiri. Ndikanayenera kudabwa pomwepo. Koma anali ndi makalasi a Loweruka ndi Lamlungu, ndipo ine mkati mwa sabata choko chimakhala m'manja. Ndinalembetsa uphunzitsi wa masamu.

Zaka zinayi ine Loweruka sindinkalidziwa. Kukwaya ndinasiya. Ukwati wa mng'ono wanga ndinafika perekaniperekani atatsala pang'ono kutha. Bambo a kunyumba anaphunzira kuchapa mayunifolomu ndi kupesa mwana wamkazi, anzawo akuwaseka kuti akhala pakhomo ngati thadzi lofungatira. Semesita zisanu ndi zitatu, sindinabwerezepo phunziro ngakhale limodzi. Zotsatira ankamata pabolodi, ndipo nthawi zonse pa nambala yanga pankakhala masamu. Tsamba la pa intaneti loonerapo zotsatira ankati likukonzedwa. Linakonzedwa zaka zinayi.

Mayeso omaliza tinalemba, ndinakhoza. Kenako sukulu ina ya sekondale ya mishoni inalengeza kuti ikufuna mphunzitsi wa masamu. Ndinalemba kalata, anandiitana. Intaviyu Lachisanu, 9 koloko m'mawa. Anati popeza satifiketi sizinatuluke, ndibwere ndi thiransikiriputi, pepala lija losonyeza maphunziro onse amene munthu wachita ndi magiredi ake. Ndinati zing'onozing'ono izo.

Lolemba ndinapempha ahedi anga kuti ndichokepo maola awiri. Maola awiri. Onani chikhulupiriro chomwe ndinali nacho.

Ndinafika pakoleji 7:40. Pawindo la ofesi ya ophunzira analembapo kuti amatsegula 8 koloko. Linatsegulidwa 8:50, ndipo mayi a pawindopo anayamba kaye amaliza chinangwa ndi tiyi, ife pamzere tikuonerera ngati kanema.

"Dzina ndi nambala."

Ndinatchula. Anagogoda kompyuta, makina n'kulavula pepala, iwo n'kudinda, n'kundikankhira.

Ndinawerenga ndili pomwepo. Pamwamba zonse zinali bwino: dzina langa, nambala yanga, tsiku langa lobadwa, chithunzi changa nditavala bulauzi ya maluwa. Pansi pake ndi pamene panali mlendo. Kalandiridwe ka alendo. Kasamalidwe ka zipinda zogona. Zakudya ndi zakumwa. Malo okopa alendo a m'dziko muno. Chifalansa, chaka choyamba mpaka chachitatu. Ndinatembenuza pepala kuti mwina masamu ali kumbuyo. Kumbuyo kunali koyera.

Ndinati, "Mayi, pepala ili si langa."

"Nkhopeyo si yanu?"

"Nkhope ndi yanga, koma maphunzirowa si anga. Ine ndachita uphunzitsi wa masamu."

Anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso kompyuta. Pa awirife anasankha kukhulupirira kompyuta.

"Ndi zimene zili mu sisitimu. Mwina mwaiwala, Madamu. Zaka zinayi n'zambiri."

Abale, munthu angaiwale ambulera m'minibasi. Angaiwale mchere pamsika. Koma kuiwala chomwe unkaphunzira? Ndiye kuti Loweruka lililonse ndinkalowa m'kalasi ya masamu, kulemba masamu, kulira ndi masamu, pamene mumtima ndikuyala mabedi?

Ananditumiza pamwamba, chipinda 12, kwa bambo woona za makompyuta. Ndinawapeza 10:15, mahedifoni ali m'makutu. Anachotsa khutu limodzi lokha, kuti dandaulo langa lisasokoneze nyimbo yonse. Anati netiweki yatsika, ndibwere 2 koloko. Ndinawauza kuti netiweki yomweyo yatulutsa pepala ili ola lapitalo. Anati imeneyo ndi netiweki ya pansi, yawo ndi ya pamwamba. Nyumba imodzi, manetiweki awiri, ndipo yogwira ntchito ndi yolakwitsayo.

Ndinathamangira ku Zingwangwa, kuphunzitsa mapiriyodi awiri, n'kubwereranso. 2 koloko chitseko chokiya. Anatulukira 3:20, kamtengo kotokosera mano kali pakamwa. Anatsegula kompyuta, kuyang'ana, n'kuseka. Anaseka ndithu, ine ndili chiimire.

"Eee, zinafikanso kwa inu?"

Ndinafunsa kuti zinafikanso kwa ndani. Anati sananene kanthu. Kenako anandifotokozera mwaulemu kuti iwo ntchito yawo ndi kuona, osati kusintha. Osintha ndi a Rejisitira, mkulu wosunga zolemba zonse za ophunzira. Ndipo a Rejisitira ali kumsonkhano ku Lilongwe, abwera Lachitatu. Munthu amalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa choona. Inenso ndinaona, palibe anandilipira.

Lachiwiri ndinati ndipite kwa munthu wondidziwa nkhope. A Matewere ndi mkulu wa gawo la masamu, bambo wachikulire, anandiphunzitsa kuyambira chaka choyamba. Ndinawapeza 11 koloko m'kachipinda kawo, mapepala atawazungulira. Atangondiona anati, "Mayi Namaona, mwabwera kudzatitsanzika?"

Ndinawapatsa pepala lija. Anavala magalasi, kuwerenga, n'kuvula magalasi.

"Chifalansa mwakhoza bwino," anatero. Kenako anapepesa, anati si nthawi yoseka.

Anatulutsa buku lawo lakale la chikuto cholimba, momwe amalemba magiredi pamanja. Dzina langa linalimo, nambala yanga, semesita zonse zisanu ndi zitatu. Anandiuza kuti chaka chatha koleji inagula sisitimu yatsopano, ndipo posamutsa magiredi anatsata mayina m'malo mwa manambala, chifukwa amene anapatsidwa ntchitoyo anaona kuti manambala akuchedwetsa. A Matewere anachenjeza pamsonkhano kuti mayina amafanana. Anauzidwa kuti azisamala za masamu.

"Ndipo masamuwo sindikuwasamalanso," anatero. "Semesita ino andipatsa kalasi ya utolankhani, mphunzitsi wawo anasiya. Ndikuphunzitsanso a zaulimi. Ine ulimi wanga ndi mizere isanu ya mpiru kuseri kwa nyumba ku Machinjiri."

Amene mukutumiza ana kumeneko kuti akakhale atolankhani ndi alangizi, mwamva nokha. Mndandanda wa makozi ndi wautali, koma aphunzitsi ake ndi omwewo, amangosintha chitseko.

A Matewere anandilembera kalata yoti ndine wophunzira wawo, ndamaliza uphunzitsi wa masamu, ndakhoza. Anasaina. Koma anati popanda chidindo kalatayo ndi yokulungira mandasi, ndipo chidindo cha gawo lawo chinatengedwa, chimakhala kwa a Rejisitira. Ndinatsikira pawindo paja kukapempha chidindo chomwe anadindira pepala la dzulo. Mayi aja anati chidindo chawo ndi cha mapepala otuluka mu sisitimu basi. Ndinatuluka pageti ndi mapepala awiri m'chikwama. Labodza lili ndi chidindo, loona lilibe.

Lachitatu 7:30 ndinali pabenchi panja pa ofesi ya a Rejisitira. Iwo anafika 9:40, kununkhira kwa perefyumu kuli patsogolo, moni kulibe. 10:55 sekilitale wawo anasuzumira pakhomo n'kuitana.

"Chikondi Namaona."

Tinaimirira awiri.

Winayo anali bambo wamtali, wa ndevu zometa bwino, shati yoyera yosita mpaka mizere kuoneka. Tinayang'anizana. Iye ndi amene anayamba.

"Asisi, kapena ndinu a masamu?"

Ndinati, "Achimwene, kapena ndinu a Chifalansa?"

Sekilitale anati tidikire kaye, akafunse kuti alowe ndi uti. Pamene ankafunsa, ife tinacheza. Amakhala ku Ndirande, amaperekera zakudya pa loji ina ku Chilomoni. Makalasi ake anali a madzulo mkati mwa sabata, n'chifukwa chake sitinakumanepo. Abwana ake anamuuza kuti akabweretsa pepala amukweza akhale woyang'anira anzake. Anabwera kudzatenga, n'kupatsidwa masamu anga, pamwamba pali chithunzi chake. Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anati miyezi iwiri yapitayo. Fomu ya madandaulo walemba kawiri. Yoyamba inasowa. Yachiwiri akuti ikuyenda.

Miyezi iwiri. Koleji inadziwa miyezi iwiri yapitayo kuti pali Chikondi wina amene magiredi ake asochera. Nambala yanga ya foni ali nayo. Meseji yokumbutsa za fizi sinaphonyepo ndi kamodzi komwe, inkabwera ngakhale pa Khirisimasi. Koma kuimba kuti Madamu, tabwerani, pali vuto, zimenezo ayi. Mwina foni yoimbira ili pa netiweki ya pamwamba.

Tinalowa limodzi. Ofesi yozizira bwino, kapeti pansi, khoma lodzaza ndi masatifiketi a eni ake. Ndikhulupirira kuti onsewo ndi awodi. A Rejisitira anatiyang'ana n'kumwetulira ngati ankhoswe.

"Ndiye mwapezana? Basi, vuto latha. Ingosinthanani mapepalawo."

Mnzangayo anaika pepala lake patebulo n'kuloza chithunzi. "Bwana, asisiwa apite ku intaviyu ndi ndevu izi?"

A Rejisitira anayang'ana, n'kuvomera kuti pamenepo pavuta pang'ono. Pang'ono. Anati zotsatira zonse zinavomerezedwa kale ndi komiti yaikulu ya maphunziro, ndipo masatifiketi anatumizidwa kale kosindikiza momwemo. Kuti chisinthe chilichonse, komitiyo iyenera kukumananso. Ndinafunsa kuti imakumana liti. Anati kamodzi pa semesita. Ndinafunsa kuti yapitayo inakumana liti. Anati sabata yatha.

Sabata yatha. Fomu ya mnzangayo ili m'nyumba momwemo, ikuyenda.

Ndinawauza za intaviyu ya Lachisanu. Anatsamira pampando.

"Madamu, musadzipanikize. Digiri ndi digiri. Olemba ntchito masiku ano amangofuna kuona kuti munthu anapita kusukulu. Ndipo zokopa alendo zili ndi tsogolo kuposa choko." Kenako anatembenukira mnzanga uja. "Inuyo ndiye mwapindula. Masamu akusowa pamsika."

"Bwana," anatero iye modekha, "ine masamu ndinalephera kawiri ku Fomu 4. Mukufuna ndikaphunzitse ana a ndani?"

Ndinatulutsa kalata ya a Matewere n'kupempha chinthu chimodzi chokha, chidindo. Anaiwerenga mpaka pansi n'kuibweza ndi zala ziwiri.

"Iyi sindingadinde. Ikutsutsana ndi sisitimu. Ndikadinda ndiye kuti ndikunena kuti koleji inalakwitsa."

"Nanga sinalakwitse?"

"Sitinafike pamenepo. Tikufufuza."

Anthu awiri akhala pamaso pako, wina wavala magiredi a mnzake, iwe ukuti ukufufuza. Ukufufuza chani? Ukufuna wachitatu?

Anati ndilembe fomu ya madandaulo, ndipo iwo andilembera kalata ina ya ofesi yawo yoti ndipite nayo ku intaviyu, ndidzatenge Lachinayi 3 koloko. Fomuyo si yaulere. K20,000. Alakwitse iwo, ndilipire ine. Ndinalipira, chifukwa Lachisanu linali pakhomo ndipo ukali sukanandidindira pepala.

Lachinayi ndinafika 2:45. Kalata inatuluka 3:50, m'envulopu yomata. Zondichitikira zinali zitandiphunzitsa, ndinatsegula pomwepo. Mizere itatu. Inati Bambo Chikondi Namaona ndi wophunzira wa pakoleji pano ndipo ndi wamakhalidwe abwino. Kozi osatchula. Masamu osatchula. Chidindo chachikulu, chofiirira, chokongola.

Ndinati, "Asisi, mwalemba kuti Bambo."

Sekilitale anali atanyamula kale chikwama. Anati kompyuta azimitsa, akuthamangira kukatenga mwana kusukulu, ndipo a Rejisitira atuluka. Anandilangiza kuti ndikawafotokozere a intaviyuwo pakamwa, ndi anthu, amva. Lolemba anandisintha ntchito, Lachinayi anandisandutsa mwamuna. Ndinaopa kubweranso Lachisanu, mwina akanandisintha mtundu.

Ku intaviyu ndinapitabe. Ndinavala suti yanga ya buluu, ndinafika 8:20. M'chipindamo munali anthu atatu, pakati pali ahedi a sukuluyo, mayi odekha, oyankhula motsitsa. Atapempha mapepala ndinayala onse atatu patebulo: la zokopa alendo, kalata yopanda chidindo, ndi kalata ya Bambo. Ndinafotokoza zonse. Sindinanamepo, sindinakometsepo. Bambo wina wa kumanzere anawerenga n'kufunsa, osati mwachipongwe, "Ndiye pa anthu atatuwa, inu ndi uti?"

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Zaka khumi ndi zinayi ndikuuza ana kuti azilemba dzina lawo bwino pamwamba pa pepala, lero ndikulephera kutsimikiza langa.

Ahedi aja anandipatsa choko. Anati ndiphunzitse mphindi khumi, funso la Fomu 3, iwo akhale ana. Pamenepo mtima unakhala pansi. Bolodi silifunsa chidindo. Ndinaphunzitsa, bambo wa kumanzere uja anayankha molakwitsa dala, ndinamugwira n'kumuwongolera, onse anaseka. Nditamaliza ahedi anati, "Mayi, kuphunzitsa mumatha, taona tokha. Koma mawa oyendera sukulu akatsegula fayilo yanu n'kupeza kuti wa masamu anaphunzira zoyala mabedi, ndidzawauza chani? Tikudikirani mpaka Lachitatu 12 koloko. Bweretsani pepala lolondola, kapena kalata ya aphunzitsi anuyi itadindidwa. Malowa ndi anu."

Anthu osandidziwa anandipatsa masiku asanu. Chomwe chinkafunika ndi dzanja limodzi kutsika pa pepala limodzi.

Lolemba ndinawapeza a Rejisitira. Ndinawauza mawu a ahedi aja mmene analili. Anati fomu yanga yalandiridwa ndipo ikuyenda. Ndinafunsa ngati komiti singakumane mwadzidzidzi. Anati mamembala ena ali kutali. Ndinafunsa ngati kutaliko kulibe mafoni. Anati ndisawaphunzitse ntchito. Ndinati bwana, kuphunzitsa ndiye ntchito yanga, n'chimene ndikupempha kuti mulembe.

Lachiwiri sekilitale anati atuluka pang'ono. Jekete lawo linali pampando, ndinkaliona chitseko chikatseguka. Ndinakhala kuyambira 8 koloko mpaka 4:30. Jekete linagwira ntchito tsiku lonse, mwini wake sanaoneke. Ana anga a Sitandade 7, amene mayeso awo akuyandikira, tsiku limenelo anagawidwa m'makalasi a anzanga.

Lachitatu ndinafika 7:15, geti asanatsegule. Mnzanga wa ku Ndirande uja anabweranso, anapempha kuntchito kuti adzandiperekeze, ngakhale iye zake zinali zisanasunthe. A Rejisitira analowa 9:30 n'kutseka chitseko. 11 koloko a Matewere anatsika ndi buku lawo lija kukhwapa, n'kulowa osagogoda. Tinkamva mawu akukwera. Ndinamva a Matewere akuti, "Dindani, mlandu ukhale wanga." Ndinamvanso yankho: "Mlandu sungakhale wanu, chidindo ndi changa." Anatuluka 11:35. Sanathe kundiyang'ana kumaso. Anangoti, "Mwana wanga, ndalephera," n'kukwera masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma.

Pakhoma la pabenchipo pali wotchi. Pakoleji ponse ndi chinthu chokhacho chimene chimagwira ntchito bwino. Ndinaiona ikufika 12 koloko.

12:25 foni inalira. Anali ahedi aja. Anati pepani Mayi, tadikira, koma teremu ili mkati ndipo ana sangakhale opanda mphunzitsi, tatenga amene anali wachiwiri. Ndinathokoza. Ndinkathokozabe pamene sekilitale anasuzumira pakhomo.

"Madamu, foni muzikayankhira panja. Mukusokoneza ofesi."

Ndinatuluka. Mnzanga uja anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kuntchito kwake kukanyamula mbale za anthu, digiri ya masamu ili m'thumba. Minibasi sindinakwere. Ndinayenda wapansi mpaka ku Zingwangwa, chifukwa sindinafune kulira nditapanikizana ndi anthu anayi pampando. Kunyumba bambo anangondiona nkhope, sanafunse. Anandivula nsapato, n'kukauza ana kuti asachite phokoso. Mawa lake ndinalowa mu Sitandade 7 n'kupitiriza pomwe tinalekezera.

Papita sabata zitatu. Fomu yanga ikuyendabe. Sindikudziwa kuti ikupita kuti, koma pofika pano iyenera kuti yadutsa Zalewa.

Ndinali nditaganiza zokhala chete mpaka komiti yotchukayo idzakumane. Koma dzulo, 5:10 madzulo, ndikuchonga makope, foni inalira. Meseji yochokera kukoleji. Ndinati mwina Mulungu wawakhudza.

Akuti akundiyamikira chifukwa ndine mmodzi wa ophunzira amene akhoza bwino kwambiri pa zokopa alendo chaka chino. Akuti ndili ndi mwayi wopitiriza digiri yachiwiri pa kozi yomweyo. Ndipo akuti Loweruka lino, 9 koloko, kuli tsiku lolandira ophunzira atsopano ndi makolo awo, ndiye akundipempha ndidzayankhule mphindi khumi pa mutu woti mmene koleji ino yasinthira moyo wanga.

Ndinawerenga katatu. Ndinaimbira mnzanga wa ku Ndirande. Nayenso walandira yake, akuti adzalimbikitse achinyamata kuti asamaope masamu.

A koleji, ndayankha kale meseji yanu, koma ndibwereze pano kuti musadzati netiweki inatsika. Ndibwera. Moyo wanga mwausinthadi, ndipo makolo ayenera kumva. Mafunso ndikukupatsiranitu kuti mukonzekere, monga ndimachitira ndi ana anga ofooka.

Munadziwa miyezi iwiri ine ndisanabwere. Bwanji simunandiimbire? Komiti inakumana dandaulo lili m'nyumba mwanu. Ndani analisiya m'dirowa? Ndi ophunzira angati ena a mayina ofanana amene akuyenda ndi magiredi a eni? Mwa amene munawapatsa mapepala a zaumoyo, mukutsimikiza kuti onse analowadi m'kalasi ya zaumoyo, kapena wina akubaya anthu jakisoni ndi magiredi a mnzake? Malo amene ndataya mundibwezera ndi chani? Ndipo ngati chidindo chanu sichingadinde zoona, ntchito yake n'chani?

Kwa inu amene muli pa makoleji awa, kaya mukuchita zamalamulo, zaulimi, makompyuta kapena chilichonse, musadikire chaka chomaliza ngati ine. Pitani mawa mukapemphe pepala lanu, muwerenge mzere ndi mzere muli pawindo pomwepo. Sungani pepala lililonse la mayeso limene anakubwezerani. Jambulani zotsatira za pabolodi zisanachotsedwe. Makolo, musanasangalale ndi mndandanda wa makozi, funsani kuti aphunzitsi ake ndi angati ndipo anaphunzira chani. Ndipo ngati dzina lanu ndi Chisomo, Mphatso kapena Chikondi, fufuzani ngati muli ndi mnzanu, mudziwane kudakali nthawi.

Amene muli pafupi, Loweruka bwerani mudzakhale kumbuyo. Mapepala atatu aja ndawafotokopa okwanira mzere uliwonse. A Rejisitira, akuti inu ndi amene mudzandiitane kutsogolo. Mwandipatsa mphindi khumi. Zikwana.